JEZI YA NAMBALA 7 KU MANCHESTER UNITED NDI ANTHU AMENE ANAIBVALA

M'nkhani zathu za mbiri ya masewera, lero tiri mu mzinda wa Manchester, kumpoto kwa dziko la England, kumene kuli timu ya mpira wa miyendo yochedwa Manchester United. Mbiri ya timu yonse ndi yaitali, ndipo sitingaithe tsiku limodzi. Titengapo kanthu kamodzi kokha, ndiko nambala 7 yolembedwa kumsana kwa jezi yofiira. Ambiri a inu munamvapo anyamata akutsutsana pamsika kapena m'basi, ena akunena kuti nambala imeneyi ndi ya mafumu a mpira, ena akunena kuti ili ndi tsoka. Kodi ulemu umenewu unayamba liti, ndipo anauyambitsa ndani? Kuti tiyankhe bwino, tiyenera kubwerera ku masiku amene kumsana kwa wosewera kunalibe colembedwa ciri conse.

Kale oonerera mpira anali kuzindikira osewera poona nkhope, msinkhu kapena kathamangidwe kao. Pa 25 Ogasiti 1928 matimu awiri a mu London, Arsenal ndi Chelsea, anayesa kusokerera manambala pa majezi. Tsikulo Arsenal inali kusewera ndi Sheffield Wednesday. Akuluakulu a ligi sanafulumire kubvomereza zimenezi. M'caka ca 1933, pa masewera otsiriza a cikho ca FA Cup, osewera a Everton anabvala manambala kuyambira 1 kufikira 11, ndipo a Manchester City anabvala 12 kufikira 22. Pakati pa osewera a City tsiku limenelo panali mnyamata wa ku Scotland dzina lake Matt Busby, amene tikumana naye kutsogoloku ali mphunzitsi wa United. Lamulo lakuti matimu onse a mu ligi azibvala manambala linakhazikitsidwa m'1939.

Tsono mvetsani bwino apa, cifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Nambala masiku amenewo inali ya malo a pabwalo. Wa pagolo anali 1. Ochinga kumbuyo awiri anali 2 ndi 3. Apakati atatu anali 4, 5 ndi 6. Ndipo akutsogolo asanu anali kuwerengedwa kucokera kudzanja lamanja kunka kumanzere, 7, 8, 9, 10, 11. Motero 7 anali munthu wothamanga m'mphepete mwa bwalo kumbali ya kumanja, amene nchito yake inali kupitirira womuchinga ndi kuponya mpira pakati kuti anzake agoletse. Inali ngati nambala ya nyumba m'komboni: wokhalamo akasamuka, wina alowa, koma nambala itsala pacitseko. Wosewera akadwala Lacisanu, mnzake anali kubvala jezi yomweyo Loweruka popanda munthu kufunsa kanthu.

Wosewera wa kumanja woyamba kuchuka ku United sanabvaleko nambala m'moyo wake wonse wa mpira. Ameneyu ndi Billy Meredith wa ku Wales, amene anayamba kugwira nchito mu mgodi wa malasha ali mwana. Anasewera ku United kuyambira 1906 kufikira 1921, nathandiza kutenga ligi m'1908 ndi m'1911, ndi cikho ca FA Cup m'1909. Pamene anali kucoka anali ndi zaka 46. Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, a Busby anayamba uphunzitsi ku United, ndipo m'1946 anagula Jimmy Delaney ku timu ya Celtic ndi mapaundi 4,000. Anthu anawaseka kuti agula munthu wa mafupa osalimba, pakuti Delaney anali atathyoka mkono moopsya. Koma ndi iyeyo amene anabvala 7 pamene United inagonjetsa Blackpool 4-2 ndi kutenga FA Cup m'1948.

Pambuyo pake kunabwera Johnny Berry, munthu wamfupi koma wolimba mtima, wogulidwa ku Birmingham City m'1951. Iye anatenga ligi katatu, m'1952, 1956 ndi 1957, ali pakati pa anyamata acicepere amene a Busby analera okha. Cakumapeto kwa 1957 malo ake anatengedwa ndi Kenny Morgans, mnyamata wa zaka 18 wa ku Wales, ndipo ndi Morgans amene anasewera kumanja pa 5 Febuluwale 1958 mu Belgrade, pamene United inalingana 3-3 ndi Red Star. Cakudza siciimba ng'oma. M'mawa mwake, pa 6 Febuluwale, ndege imene inawanyamula inaima pa Munich kuthira mafuta, ndipo poyesa kunyamuka kacitatu m'cipale cofewa inalephera kuuluka, niomba mpanda ndi nyumba. Anthu 23 anataya miyoyo, asanu ndi atatu mwa iwo osewera. Ife a m'Zambia sitifunika kuuzidwa kuwawa kwa tsoka lotere, pakuti pa 27 Epulo 1993 ndege yonyamula timu ya dziko lathu inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon, ndipo anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera.

Berry ndi Morgans onse awiri anali m'ndege ya ku Munich, ndipo onse anapulumuka. Berry anasweka cigaza, nsagwada ndi ciuno, ndipo sanaseweranso mpira. Morgans anapezeka m'zidutswa za ndegeyo patapita maola, anthu atasiya kale kufunafuna. Anabwerera pabwalo msanga, koma mpira wake sunabwerere, ndipo m'1961 anapita ku Swansea. Lero anthu akamachula maina a eni nambala 7, awiriwa sawakumbukira kawirikawiri. Ine ndiona kuti kuiwala kumeneku nkulakwa, cifukwa palibe wina amene anaibvala pa nthawi yowawa koposa imeneyo.

Tsopano tifike pa munthu amene ambiri amayambirapo nkhaniyi, George Best. Anabadwira mu Belfast ku Northern Ireland m'1946. Anafika ku Manchester ali ndi zaka 15, woonda ndi wamanyazi, ndipo patapita masiku awiri okha anabwerera kwao cifukwa ca kupukwa. Anamunyengerera kuti abwerenso. Masewera ake oyamba m'timu yaikulu anali pa 14 Seputembala 1963, polimbana ndi West Bromwich Albion, ali ndi zaka 17. Mpira unali kumumvera ngati womangidwa ku phazi ndi cingwe. Anali kugoletsa ndi mwendo uli wonse, ndi mutu womwe, ndipo ngakhale ochinga kumbuyo a masiku amenewo anali kuponda mwankhanza, iye sanali kuwaopa. Mu Marichi 1966 United inapita ku Lisbon kukakumana ndi Benfica, timu ya Eusébio, katswiri uja wobadwira mu Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. A Busby analangiza anyamata ao kuti ayambe mosamala. Best anagoletsa ziwiri mphindi 15 zisanakwane, ndipo United inapambana 5-1. Manyuzipepala a ku Portugal anamuyerekeza ndi oimba a gulu la Beatles cifukwa ca tsitsi lake lalitali, ndipo kucokera tsikulo anakhala munthu wochuka ngakhale kwa anthu osadziwa mpira.

Usiku umene unamangiriza dzina lake ku nambala 7 unali wa pa 29 Meyi 1968, pa bwalo la Wembley. United inakumananso ndi Benfica pa masewera otsiriza a cikho ca matimu opambana a ku Ulaya. Mphindi 90 zinatha ali 1-1. Atangoyamba nthawi yoonjezera, Best analandira mpira, napitirira womuchinga, namuzungulira wa pagolo, naukankhira muukonde mosapupuluma. United inapambana 4-1, nikhala timu yoyamba ya ku England kutenga cikho cimeneco, patapita zaka khumi cicitikire ngozi ya ku Munich. Awiri mwa opulumuka, Bobby Charlton ndi Bill Foulkes, anasewera nao. Caka comweco Best anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu Ulaya. Jezi imene anabvala usikuwo inali ndi nambala 7, koma inali ya mtundu wa buluu.

Apa pali cinthu cimene ocemerera ambiri sacidziwa. Best anasewera masewera 470 ku United, nagoletsa zigoli 179, koma nambala imene anaibvala kawirikawiri koposa zonse inali 11. Anabvalanso 8 ndi 10. Tsiku limene anagoletsa zigoli zisanu ndi cimodzi yekha polimbana ndi Northampton Town m'1970, kumsana kwake kunali 11. Willie Morgan atagulidwa ku Burnley m'1968, nthawi zambiri ndiye anali kubvala 7, ndipo sipanabuke mkangano. Kwa Best nambala inali kungomuuza mbali ya bwalo yoyambira. Za mathero ake tingonena mwacidule: akulu anati ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika. Mowa unamugwira, anayamba kujomba ku maphunziro a timu, ndipo masewera ake otsiriza ku United anali pa 1 Januwale 1974, ali ndi zaka 27 zokha. Caka comweco timuyo inatsika kupita mu ligi yaciwiri. Best anamwalira pa 25 Novembala 2005 ali ndi zaka 59.

Wotsatira woyenera kuchulidwa ndi Steve Coppell, wogulidwa ku Tranmere Rovers m'1975 ali kuphunzira za cuma pa yunivesite ya Liverpool. Anatsiriza maphunziro ake uku akusewera, natenga FA Cup m'1977, ndipo pakati pa 1977 ndi 1981 anasewera masewera a ligi 206 motsatizana osaphonyapo ndi amodzi omwe. Bondo linamuleketsa mpira m'1983 ali ndi zaka 28. Anali munthu wa nchito, wopanda zocitika zambiri kunja kwa bwalo, ndipo mwina ndico cifukwa cake dzina lake limalumphidwa.

Mu Okutobala 1981 mphunzitsi Ron Atkinson anagula Bryan Robson ku West Bromwich Albion ndi mapaundi 1.5 miliyoni, mtengo umene unali usanaperekedwepo mu Britain. Robson sanali wothamanga m'mphepete. Anali wa pakati, wolanda mpira, wougawa, ndi wofika pagolo pa nthawi yake. Pofika nthawiyi kaimidwe ka osewera pabwalo kanali katasintha, akutsogolo asanu aja atacepetsedwa, kotero manambala sanali kutsatanso malo mwandondomeko ngati kale. Robson anaikonda 7, ndipo poti anali kaputeni kwa zaka 12, anthu anazolowera kumuona nayo. Mu Marichi 1984 United inali itagonja 2-0 ku Barcelona, timu imene inali ndi Diego Maradona. Pa masewera obwereza pa Old Trafford, Robson anagoletsa ziwiri, United nipambana 3-0, ndipo ocemerera anamunyamula pamapewa potuluka m'bwalo. Ananyamula FA Cup katatu monga kaputeni, m'1983, 1985 ndi 1990. Thupi lake linalipira: miyendo inathyoka kangapo, phewa linaguluka, ndipo nthawi zonse pamene anali m'cipatala jezi ija inali kubvalidwa ndi wina aliyense amene anasankhidwa sabata imeneyo. Ngati pali munthu woyamba amene anthu anayamba kunena kuti 7 ndi yake, ndiye Robson. Komabe zimene zinamucitikira m'1993 zionetsa kuti ngakhale iye sanali mwini wake.

Caka cimeneco lamulo la manambala linasintha. Pa masewera otsiriza a League Cup mu Epulo 1993, Arsenal ndi Sheffield Wednesday, matimu omwe aja anakumana m'1928, anabvala majezi okhala ndi maina a osewera pamwamba pa nambala. Kuyambira nyengo ya 1993-94, ligi yatsopano ya Premier League inalamula kuti wosewera aliyense akhale ndi nambala yakeyake caka conse, ndi dzina lake pamwamba. Nambala ija ya pacitseko inasanduka dzina la munthu. Inasandukanso malonda, cifukwa tsopano timu ikanatha kugulitsa kwa ocemerera jezi ya wosewera amene iwo amukonda. Pogawa manambala ku United, Robson, amene anali ndi zaka 36 ndipo sanali kusewera kawirikawiri, anapatsidwa 12. Nambala 7 inapita kwa Eric Cantona.

Cantona anali wa ku France, munthu waluso ndi waukali, amene anali atakangana ndi matimu angapo kwao. Anabwera ku United mwangozi. Mu Novembala 1992 akuluakulu a Leeds United anaimba foni kufunsa ngati angagule wochinga kumbuyo Denis Irwin. A United anakana, koma mphunzitsi Alex Ferguson anati awafunse za Cantona. Anamugula ndi ndalama zongopitirira pang'ono mapaundi miliyoni imodzi. Nthawi imeneyo United inali isanatenge ligi kucokera m'1967. Miyezi isanu ndi umodzi Cantona atafika, ludzu la zaka 26 linatha. Pa nyengo zisanu zimene anakhala, timuyo inatenga ligi kanai, m'1993, 1994, 1996 ndi 1997. Anali kuyenda pabwalo cifuwa patsogolo, kolala ya jezi ataiimika, ndipo anyamata acicepere a timuyo, Beckham, Scholes, Giggs ndi anzao, anaphunzira kwa iye kutsala pabwalo la maphunziro anzao atapita kunyumba.

Caka cimodzi cimene ligi inawaphonya ndico caka cimene iye analangidwa. Pa 25 Januwale 1995, pa bwalo la Crystal Palace, atatulutsidwa ndi woimbira mpira, analumphira woonerera wina amene anali kumutukwana, namuponda pacifuwa. Bwalo la milandu linamugamula kukhala m'ndende masabata awiri. Pocita apilo cilango cinasinthidwa kukhala maola 120 a nchito yothandiza anthu, ndipo a mpira anamuletsa kusewera kufikira kumapeto kwa Seputembala. Atabwerera anatsogolera timu kutenga ligi ndi FA Cup m'1996, iye mwini nagoletsa cigoli cimodzi cokha cimene cinagonjetsa Liverpool pa Wembley. Mu Meyi 1997, ali ndi zaka 30, analengeza kuti waleka mpira, napita kukacita za mafilimu.

Kucokera apa nambala ija inayamba kuperekedwa mwa mwambo, monga mmene dzina la ufumu limaperekedwera kwathu kuno, pamene wolowa m'malo atenga dzina la amene anamutsogolera ndipo anthu ayembekeza kuti atenganso nzeru zake. Roy Keane, amene analowa ukaputeni, anadzasimba pambuyo pake kuti a Ferguson anafuna kumupatsa iye nambalayo, koma anakana nasunga 16 yake. Inapita kwa David Beckham, amene caka capitaco anali kubvala 10, nambala imene tsopano inapatsidwa kwa mlendo Teddy Sheringham. Mwa onse amene tawachula kucokera pa Coppell, Beckham ndiye anabwezera 7 kumalo ake akale, kumbali ya kumanja. Sanali waliwiro kwambiri, ndipo sanali kupitirira anthu ngati Best. Mphatso yake inali mwendo wamanja woponya mpira pamene wafuna. M'1998 anatulutsidwa pa masewera a England ndi Argentina pa cikho ca dziko lonse, ndipo dziko lake linamuda kwa miyezi. Anayankha ndi nchito: pa 26 Meyi 1999, mu Barcelona, United iri kumbuyo 1-0 kwa Bayern Munich ndipo mphindi 90 zitatha, makona awiri amene iye anaponya anabala zigoli ziwiri. Caka cimeneco timuyo inatenga zikho zitatu, ligi, FA Cup ndi ca ku Ulaya.

Ndi pa nthawi ya Beckham pamene mbiri ya nambala 7 inafalikira dziko lonse. Anakwatira woimba wochuka, nkhope yake inali pa zikwangwani za malonda, ndipo wailesi ya kanema inali itayamba kuonetsa ligi ya ku England m'maiko ambiri, kuphatikizapo athu ano. Jezi yolembedwa dzina lake inafika mpaka pa milu ya salaula m'misika yathu. Monga ndionera ine, ndi m'zaka zimenezi pamene olemba nkhani ndi ogulitsa majezi anayang'ana m'mbuyo nalumikiza Best, Robson, Cantona ndi Beckham kukhala mzere umodzi wa ufumu, ngakhale kuti woyamba wa iwo anabvala 11 koposa 7, ndipo waciwiri anatsiriza ndi 12. Mbiriyo inalukidwa kucokera kumapeto kubwerera kuciyambi. Ubale wa Beckham ndi a Ferguson unaonongeka. Mu Febuluwale 2003 mphunzitsiyo atakwiya anamenya nsapato imene inakamutema Beckham pamwamba pa diso, ndipo pakati pa caka anamugulitsa ku Real Madrid. Kumeneko anapeza 7 iri ndi mwini wake, Raúl, ndipo anabvala 23.

Mu Ogasiti 2003 United inagula mnyamata wa zaka 18 wa pa cisumbu ca Madeira, Cristiano Ronaldo, ku timu ya Sporting ya mu Lisbon, ndi mapaundi 12.24 miliyoni. Iye anapempha nambala 28, imene anali kubvala kwao. A Ferguson anamupatsa 7. Apa mphunzitsi anagwiritsa nchito mbiri ija mwadala, kuuza mwana kuti timu ikuyembekeza zazikulu kwa iye. Zaka zoyamba anthu anadandaula kuti acurutsa kubvina ndi mpira ndi kugwa msanga. Koma anali wakhama pa maphunziro koposa anzake onse, ndipo m'nyengo ya 2007-08 anagoletsa zigoli 42, mwa izo 31 za mu ligi. United inatenga ligi ndi cikho ca ku Ulaya, pogonjetsa Chelsea mu Moscow, ndipo Ronaldo analandira mphoto ya Ballon d'Or, woyamba wa ku United kuilandira cilandirire Best zaka 40 m'mbuyomo. M'2009 anagulitsidwa ku Real Madrid ndi mapaundi 80 miliyoni, mtengo woposa yonse pa dziko nthawi imeneyo. Nayenso anapeza Raúl akali ndi 7, nabvala 9 caka cimodzi. Koma nambalayo anali ataiphatika kale ku zilembo za dzina lake, CR7, cimene cinakhala cizindikiro ca malonda ake. Tinganene kuti pocoka ananyamula theka la ulemu wa jeziyo.

Zaka khumi zotsatira zinali zowawa kwa olowa m'malo. Michael Owen, amene kale anali wa Liverpool, anaibvala kuyambira 2009. Akumbukiridwa ndi cigoli ca m'mphindi yotsiriza cimene cinagonjetsa Manchester City 4-3, koma kubvulala kunamutha. Antonio Valencia wa ku Ecuador anali atasankhidwa wosewera wopambana wa timuyo ali ndi nambala 25. M'2012 anapatsidwa 7, mpira wake unazirala, ndipo caka cotsatira anabwerera ku 25 yake. Nyengo ya 2013-14 jeziyo inakhala yopanda mwini. Ángel Di María wa ku Argentina anagulidwa m'2014 ndi mapaundi 59.7 miliyoni, nacoka patapita caka cimodzi. Memphis Depay wa ku Netherlands anabwera m'2015 nacoka mu Januwale 2017. Alexis Sánchez wa ku Chile anacokera ku Arsenal mu Januwale 2018, ndipo pa masewera 45 anagoletsa zisanu. Mukaphatikiza zigoli za mu ligi zimene asanuwa anagoletsa atabvala 7, zikwana 14, zosafika ndi theka lomwe la zimene Ronaldo anagoletsa m'nyengo imodzi.

Ndi pamenepa panabuka mau akuti jeziyo iri ndi tsoka. Ine sindibvomereza. Anthu amenewa sanali osadziwa mpira: Di María anadzagoletsa pa masewera otsiriza a cikho ca dziko lonse m'2022 pamene Argentina inapambana, Depay anacita bwino ku Lyon ndi ku timu ya dziko lake, ndipo Valencia anadzakhala kaputeni wa United yomweyo atabvala 25. Cimene cinasintha ndi timu. A Ferguson anapuma m'2013 atatenga ligi kakhumi ndi katatu, ndipo kucokera caka cimeneco kufikira 2025 United sinaitengenso. Best anali ndi Charlton ndi Denis Law pambali pake; Cantona anali ndi Schmeichel kumbuyo ndi Keane pakati; Ronaldo anali ndi Rooney, Scholes ndi Ferdinand. Amene anabwera pambuyo anapeza aphunzitsi akusinthidwa kawirikawiri, aliyense ndi kaseweredwe kake, ndipo anayembekezeredwa kukonza zonse okha cifukwa ca nambala ya kumsana. Mutu umodzi susenza denga. Kuonjezera apo, wosewera wa nambala 20 akasewera moipa masabata atatu anthu sazindikira, koma wa nambala 7 amayesedwa ndi muyeso wa anthu asanu oposa onse m'zaka 60.

Edinson Cavani wa ku Uruguay, amene anafika mu Okutobala 2020 ali ndi zaka 33, anaoneka kuti sanalemedwe nayo, nagoletsa zigoli 17 m'nyengo yake yoyamba. Koma m'2021 Ronaldo anabwerera kucokera ku Juventus, ndipo ngakhale nyengo inali itayamba kale, Cavani anamusiyira 7 natenga 21. Yerekezani ndi m'1968, pamene wosewera woposa onse mu Ulaya anasamukira ku 11 popanda mau. Ronaldo anagoletsa 24 m'nyengo ya 2021-22, koma timu inatsiriza pa malo acisanu ndi cimodzi. Mu Novembala 2022, atadzudzula mphunzitsi ndi eni timu poyera pa wailesi ya kanema, pangano lake linathetsedwa, napita ku Al Nassr ku Saudi Arabia. Mu Julayi 2023 nambalayo inapatsidwa kwa Mason Mount wocokera ku Chelsea, amene m'nyengo yake yoyamba anabvutika ndi kubvulala nagoletsa cigoli cimodzi cokha mu ligi.

Patsala munthu mmodzi amene otsutsana a pamsika aja samuwerengera. M'2018 Manchester United inakhazikitsanso timu ya akazi, ndipo nambala 7 ya timuyo inapatsidwa kwa Ella Toone, mtsikana wa ku Tyldesley, pafupi ndi Manchester, amene anakula akucemerera United. M'2022 anagoletsa cigoli coyamba pamene England inagonjetsa Germany ndi kutenga cikho ca akazi ca ku Ulaya. Pa 12 Meyi 2024, pa Wembley, United inakumana ndi Tottenham pa masewera otsiriza a FA Cup ya akazi. Cigawo coyamba ciri pafupi kutha, Toone anaombera mpira ali kunja kwa bokosi, nulowa pakona ya pamwamba ya golo. United inapambana 4-0, ndipo cimeneco cinali cikho cacikulu coyamba ca timu ya akaziyo.